Shaki ndi bodza la dontho la magazi

Kanema wina wazungulira pa WhatsApp masiku apitawa. Munthu ali pansi pa nyanja, botolo la mpweya kumsana, kenako chishaki chikudutsa pamaso pake penipeni. Ndiye ndemanga zake! Wina akuti munthuyo ayenera kuti anali ndi bala, poti shaki imamva dontho limodzi la magazi ili pa mtunda wa makilomita ambiri.

Bodza limeneli latikwana. Fungo siliuluka m'madzi. Magazi ayenera kutengedwa ndi madzi oyenda mpaka kukalowa m'mphuno mwa nsombayo, ndipo akamafika kutali chonchi amakhala atasungunukiratu. Shaki imanunkhiza bwino ndithu, koma si mfiti.

Chodabwitsa chenicheni chili pamutu pake. Kuzungulira mphuno ndi kamwa kuli timabowo tambirimbiri tooneka ngati timadontho takuda. Stefano Lorenzini wa ku Italy anatifotokoza mu 1678, koma ntchito yake inadzadziwika cha m'ma 1960. Kabowo kalikonse ndi khomo la kanjira kodzaza ndi zamadzimadzi zonanda, ndipo kumapeto kwake kuli minyewa yomva magetsi. Mtima ukamagunda, mnofu ukamakoka, thupi la chamoyo limatulutsa timagetsi tochepetsetsa, ndipo madzi amchere amatinyamula mosavuta. N'chifukwa chake shaki imafukula nsomba yobisala mumchenga isanaione n'komwe. Komatu zimenezi zimagwira pafupi pokha. Chimene chimaiitana kuchokera patali ndi phokoso la nsomba yovulala ikamaphiriphitha, ndiye amene amalasa nsomba pansi pa madzi ndi amene amadziitanira alendo.

Ku Aliwal Shoal, pafupi ndi Umkomaas ku South Africa, anthu amachita kulipira kuti akatsikire pakati pa shaki za mano osongoka zomwe zimasonkhana m'matanthwe nyengo yozizira. Ku Protea Banks, m'dziko lomwelo, amakakumana ndi ina yaukali yomwe kumeneko amaitchula Zambezi, chifukwa imatha kuchoka m'nyanja n'kukwera mitsinje, kuphatikizapo Zambezi yemweyu.

Bungwe la International Shark Attack File ku Florida linawerenga anthu 69 olumidwa osaiputa shaki m'chaka cha 2023 padziko lonse, ndipo 10 anamwalira. Ambiri anali osewera pa mafunde ndi osambira pamwamba, osati otsika ndi mabotolo.

Mukakumana ndi shaki, musaphiriphithe, muziiyang'ana, ndipo musasiyane ndi anzanu.