Kuyesa Chinthu Chogwira Ntchito Kamodzi Kokha

Munthu wogula njinga amayamba waikwera kuti aone ngati mabuleki akugwira. Wogula machesi sangatero, pakuti kamtengo kamene wakayesa kapsa basi. Vuto lomweli limasautsa akatswiri opanga airbag, thumba lija lobisika m'chiwongolero cha galimoto, limene limafufuma mwadzidzidzi pangozi kuti dalaivala asamenyetse mutu. Thumbali limakhala phee zaka khumi kapena kuposerapo, koma tsiku lake likafika liyenera kugwira ntchito m'kuphethira kwa diso.

Tsono popeza thumba loyesedwa silingagulitsidwenso, opanga amatapako ena mwa matumba awo, nawaphulitsa ndi kuŵerenga olephera. Masamu ake ngouma mtima. Akaphulitsa 300 popanda lolephera ndi limodzi lomwe, chimene anganene, ndi chitsimikizo cha 95 pa 100, nchakuti olephera sapitirira limodzi pa matumba 100 alionse. Kwa kampani yogulitsa mamiliyoni, izi nzosakwanira mpang'ono pomwe. Komanso thumba latsopano silionetsa mmene lidzakhalire likakalamba. Nchifukwa chake amalikalambitsa dala: kuliika m'chipinda chotentha ndi chachinyezi, kuliziziritsa, kulitenthetsanso, kenaka nkuliphulitsa.

Apa ndi pamene kampani ya Takata ya ku Japan inapunthwa. Pofuna mpweya wofufumitsira thumba, inasankha ammonium nitrate, mankhwala otsika mtengo amene alimi amawadziŵa ngati feteleza. Mankhwalaŵa akakhala zaka zambiri m'malo otentha ndi achinyezi amasintha, nayamba kuyaka mwaukali kotero kuti kabotolo kachitsulo kosungiramo kamasweka, zidutswa zake nkulasa munthu yemwe thumbalo likadamteteza. Honda inayamba kuitanitsa ena mwa magalimoto ake mu 2008 kuti akakonzedwe. Pomalizira pake matumba pafupifupi 67 miliyoni anaitanitsidwa ku United States kokha, kumene anthu oposa 20 anataya miyoyo.

Chomvetsa chisoni nchakuti zizindikiro zinaoneka pa mayeso pomwepo. Timabotolo tina tinkasweka poyesedwa, koma akuluakulu ena a kampaniyo anabisa zimenezi ndi kusintha manambala m'malipoti opita kwa opanga magalimoto. Mu 2017 Takata inavomera mlandu wachinyengo m'bwalo lamilandu la ku America, ndipo inagamulidwa kulipira madola 1 biliyoni. Mu June chaka chomwecho inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake.