Mbalame Ziimba, Anthu Atsanzira

Lero sitikamba za mizere kapena manyowa ai, koma za nyimbo. Wina adzati, kodi mlangizi wa zaulimi wasanduka woimba? Tamverani poyamba.

Munthu anaphunzira kuimba pomvera za m'thengo. Mukamva nang'omba akulira m'bandakucha, mmodzi kuyamba wina kuyankha, mudzati ndi ng'oma ziwiri za gule. Njiwa nayo ibwereza mau ake monga achitira amai posinja. Ngakhale gule wa sendemule, amene amavinidwa akapha chirombo choopsa, anabadwa chifukwa anthu ndi thengo anali pafupi.

Kunja nakonso kuli chimodzimodzi. Ku France kunali mkulu wina wopeka nyimbo, dzina lake Olivier Messiaen, amene anamwalira mu 1992. Iyeyu ankalawirira kuthengo ndi pepala m'manja, nalemba kulira kwa mbalame monga mlembi alemba mlandu pabwalo. Pakati pa 1956 ndi 1958 anapeka nyimbo 13 za piyano, iriyonse yochedwa dzina la mbalame ya kwao.

Koma nkhani imene yandikhudza ine ndi ya ku Australia. M'chaka cha 2021 anthu kumeneko anasonkhanitsa kulira kwa mitundu 53 ya mbalame zimene ziri pafupi kutha, nakuika m'chimbale chimodzi. Munalibe gitala, munalibe mau a munthu. Chimbalecho chinagulidwa kwambiri, kuposa cha oimba ena ochuka, ndipo ndalama zake zinapita ku nchito yosunga mbalamezo. Anthu anagula ndi ndalama chimene inu a ku Misuku mumamva chabe pakhomo panu.

Ndinena Misuku chifukwa nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa ziri ndi mbalame zina zimene sizikhala m'minda kapena m'tchire wamba, koma m'mitengo yowirira ya pamwamba pa phiri basi. Mitengoyo ikagwa, izo ziribe kothawira. Ndipo nkhalango zomwezo ndizo zisunga akasupe amene athirira khofi ndi nthochi zanu. Phiri limene mbalame zaleka kulirapo, yang'anani bwino mtsinje wake m'mwezi wa Okutobala.

Ndidziwa chimene mudzandiyankha: mbalame zitimalizira mawere. Nzoona, ndipo ine sindiikira kumbuyo mpheta. Ana apite kukaingitsa ndi zitini ndi nyimbo zao, monga tinachitira ife tiri ana. Koma ulimbo ndi legeni sizisankha. Zigwira ndi mbalame zomwe zimadya mbozi ndi ziwala m'munda mwanu, anchito osalipidwa aja. Namzeze sanadyepo mawere a munthu.

Tsono inu mafumu, mau anu amveka kuposa anga. Itanani anthu anu dzinja likangotha, mupangane tsiku lolambula njira zochinga moto m'mphepete mwa nkhalango, udzu usanaumitse. Letsani kutentha tchire m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pakuti moto wa nthawi imeneyo upha mitengo yaing'ono pamodzi ndi zisa. Munthu wofuna kutsegula munda wa mawere asayandikire kasupe kapena msitu wa kumanda. Ndipo auzeni anyamata kuti ulimbo asachere pamadzi pamene mbalame za mitundu yonse zimadzamwa.