Mnyamata wa ku Wimbe ndi mtsikana wa ku Queensbridge

Msewu wochoka pa Boma la Nkhotakota kupita ku Kasungu umadutsa m'nkhalango yosungirako nyama zakutchire, ndipo ukangotulukira kumtunda uko, dera la Wimbe silikhalanso kutali. N'chifukwa chake filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ife a kunyanja sitiitenga ngati yachilendo. Minda yake timaidziwa, njala ya 2001 ndi 2002 imene ikufotokozedwamo inatifikanso kuno. Filimu ya Roxanne Roxanne yokha ndi ya kutali, ya m'nyumba zosanjikizana za anthu osauka ku Queensbridge mumzinda wa New York. Koma mafilimu awiriwa ndi oyenera kuwaika pamphasa imodzi. Onse akusimba za anthu enieni amene adakali moyo, amene anachita chinthu chodabwitsa ali ndi zaka 14. Onse anayamba kuonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance ku America, wa mtsikanayu mu 2017, wa mnyamatayu mu 2019, ndipo onse anakathera pa Netflix.

Nkhani ya William Kamkwamba ndi yodziwika. Makolo atalephera kumulipirira fizi ku sekondale ya Kachokolo, anayamba kuwerenga mabuku a m'laibulale yaing'ono, n'kupezamo buku la Using Energy. Ndi mitengo ya bulugama, mapaipi, zitsulo zotola kudzala ndi njinga ya bambo ake, anamanga makina opukusidwa ndi mphepo amene anatulutsa magetsi m'mudzi wa Masitala. Chiwetel Ejiofor ndiye anatsogolera filimuyi, n'kuseweranso ngati bambo Trywell Kamkwamba, ndipo William anaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya.

Nkhani ya Lolita Shanté Gooden ambiri kuno sanaimve. Anabadwa mu 1969. Asanathe n'komwe msinkhu ankapikisana ndi anyamata ndi azibambo pa rap, uja mpikisano woyankhana ndi mawu opeka pomwepo, wogonja n'kulipira. Mu 1984 gulu la UTFO linatulutsa nyimbo yodandaula za mtsikana wotchedwa Roxanne amene ankawakana. Shanté analowa m'chipinda cha mnansi wake Marley Marl, wokonza nyimbo, n'kuwayankha ngati kuti Roxanne wokanayo ndi iyeyo. Anaijambula kamodzi kokha, osabwereza. Roxanne's Revenge inagulidwa makope oposa 250,000 mu New York mokha, ndipo oimba ena ambiri anatulutsa nyimbo zoyankha, mpaka nyengoyo inatchedwa nkhondo za Roxanne. Michael Larnell ndiye analemba ndi kutsogolera filimu yake, Chanté Adams n'kusewera ngati Shanté.

Pa kakonzedwe, ya Ejiofor ndiyo yaposa. Imayenda mwadongosolo kuchokera pa kubzala mpaka pa kukolola, gule wamkulu alimo, zithunzi za mvula ndi fumbi n'zogwira mtima. Anaijambulira ku Kasungu komweko, ndipo gawo lalikulu lili m'Chichewa, ngakhale Chichewa cha osewera ochokera kunja chinadandaulitsa Amalawi ambiri, ndipo dandaulolo linali loona. Ya Larnell ndi ya ndalama zochepa, imadumpha zaka mosachenjeza, ndipo ili ndi chilema chimodzi chachikulu: nyimbo ndi zochepa. Munthu amatha kuimaliza asanamve mokwanira chimene chinkaopsa amuna mwa mtsikanayu. Mpikisano wotchuka wa mu 1985, umene Shanté anagonja kwa woimba rap mnzake Busy Bee chifukwa mmodzi wa oweruza, Kurtis Blow, anamupatsa malikisi otsika, unayenera kukhala msana wa filimu yonse.

Komabe ine imene imandikhalitsa chete ndi ya Larnell, ndipo chifukwa chake chili pa zimene zimachitika mwana akaonetsa luso. M'filimu ya ku Wimbe adani a William ndi chilala, fizi, andale osamva, ndiponso kukayika kwa bambo ake amene akukaniza njinga. Bambowo akangolola, mudzi wonse ukugwirana manja, makina akuzungulira, madzi akutuluka m'chitsime, mbewu zikumera. Luso la mwana lapulumutsa banja. Apa filimu inakometsera mbiri, chifukwa makina oyamba a William enieni ankayatsa mababu ndi wailesi, zopopa madzi zinabwera patapita zaka. Sindikuwaimba mlandu waukulu pa ichi, koma tidziwe kuti anatipatsa mathero amene mtima umafuna.

Kwa Shanté luso likubwera ndi anthu ofuna kudya nawo. Mayi ake, amene Nia Long akuwasewera mwaluso losaiwalika, anasunga ndalama zaka zambiri kuti achotse ana awo aakazi ku Queensbridge, chibwenzi chawo n'kuthawa nazo, iwo n'kuyamba mowa. Mtsikana akusanduka wodyetsa azing'ono ake, mpaka kumaba zovala m'sitolo. Nyimbo itatchuka, akuyenda m'mizinda kukaimba, koma ndalama zikuthera m'manja mwa ena. Kenaka pakubwera Cross, bambo wamkulu kwa iye, wa mawu ofatsa ndi mphatso, amene Mahershala Ali akumusewera mochititsa nthumanzi. Akumupatsa pakati akadali mwana, akumumenya, ndipo pomaliza akufuna ndalama kuti amusiyire mwana wawo. Pali pena pamene filimu ikulumikiza mwachangu mikuwo itatu ya mtsikanayu, wa pogona, wa pobereka ndi wa pokokedwa tsitsi. Zaka zingapo za moyo wake zikudutsa m'kanthawi kochepa, ndipo woonera sasowa womufotokozera.

Chimene ambiri sachiona n'chakuti mtsikana wotere alimonso m'filimu ya ku Wimbe. Ndi Annie, mlongo wake wa William, amene anaseweredwa ndi woimba wathu Lily Banda. Ndi wanzeru, wamaliza sekondale, akuyembekezera kupita ku yunivesite. Njala itakula akuthawa ndi mphunzitsi amene anali naye pa chibwenzi, kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi, ndipo dayinamo ya panjinga ya mphunzitsiyo ndi imene ikutsalira William. Kunena mosabisa, magetsi a mnyamata akuyaka ndi mtengo wa tsogolo la mlongo wake. Ejiofor sakubisa zimenezi, akuonetsa misozi ya mayi ndi mkwiyo wawo. Koma kamera ikutsala ndi William, Annie osamutsatira. Roxanne Roxanne ndi filimu imene ikutsatira mtsikanayo mpaka m'nyumba ya mwamuna.

Kuno kunyanja nkhani ya Annie ndi Shanté sitiiwerenga m'mabuku. Pa madooko a ku Chia, ku Boma mpaka ku Dwangwa, usiku umene usipa wagwidwa wochuluka ndalama zimakhala m'thumba la mwini chilimira ndi alovi ake, ndipo mtsikana wa pakhomo losowa amadziwa bwino amene ali nazo. Mawu amene amamukopa nawo ndi omwe aja a Cross: ndikugulira foni, ndikulipirira sukulu, ndikuthandiza kujambula nyimbo yako. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinakhazikitsa kuti palibe ukwati munthu asanafike zaka 18, koma mwamuna wotere safuna ukwati wa kwa ankhoswe, amangofuna chipinda cha lendi ndi makolo otopa ndi umphawi amene sangafunse zambiri. Ndipo atsikana a mawu akuthwa tili nawo. Amene anaonerapo chioda amadziwa kuti wotsogolera nyimbo amatha kupeka zining'a pomwepo n'kuchititsa manyazi gulu lina lonse. Luso limenelo silisiyana kwenikweni ndi la Shanté, kungoti lake linapeza makina ojambulira.

Pa chilungamo kwa amayi mafilimu onse awiri achita bwino. Agnes Kamkwamba, woseweredwa ndi Aïssa Maïga, ndiye akuumiriza mwamuna wake kuti amvere mwana. Mayi a Shanté ndi ouma mtima, amakhoma chitseko usiku ngakhale mwana ali panja, koma filimu siikuwasandutsa chilombo. Ikutionetsa chimene chinawaumitsa, ndipo ndi kwa iwo komwe mtsikana akubwerera zinthu zitafika poipa.

Ndikanakhala mphunzitsi wamkulu pa sekondale ina kuno, filimu ya Kamkwamba ndikanaionetsa sukulu yonse, chifukwa mwana wa ku Mwansambo kapena ku Kanyenda ayenera kuona kuti buku la m'laibulale likhoza kugwira ntchito m'manja mwake. Ya Shanté ili ndi mawu otukwana ndi nkhanza, si ya ana aang'ono. Imeneyo ndikanaitanira makolo, magulu a amayi oyang'anira atsikana m'sukulu, ndiponso anyamata a masitudiyo aang'ono amene amajambula nyimbo m'tauni, chifukwa anthu amene anadyera mtsikanayu anali achikulire omuzungulira, ena mwa iwo omufunira zabwino poyamba.

Zotsatira zenizeni pa moyo wa awiriwa zikusiyananso chimodzimodzi. William anatulukira m'nyuzipepala mu 2006, analankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, buku limene analemba ndi Bryan Mealer linatuluka mu 2009, ndipo anamaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014. Shanté anatulutsa zimbale ziwiri zokha, mu 1989 ndi mu 1992, n'kuzimiririka pa zoimba akadali mtsikana, pamene amuna amene anayamba nawo limodzi ankalemera. Mphoto ya Grammy yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse anailandira mu 2025, ali ndi zaka 55.