Manambala Obwereka mu Excel

Nkhani yathu lero ndi vuto limene limasautsa akalaliki a m'makampani a ku Maselema ndi kwina konse. Potsegula fayilo ya malipiro mu Excel, kompyuta imachenjeza kuti fayiloyo ndi yolumikizidwa ku mafayilo ena. Tanthauzo lake ndi lakuti manambala ena m'menemo ndi obwereka. Fayilo yobwereketsayo ikafufutidwa kapena ikasinthidwa dzina, Excel imangosunga nambala yakale, ndipo bambo wa ku Bangwe angathe kulandira malipiro opereŵera popanda wozindikira.

Pofuna kupeza manambala otere, dinani Ctrl ndi F pamodzi, lembani .xl, ndipo muuze kompyuta ifufuze m'mafomula a fayilo yonse, osati tsamba limodzi lokha. Ambiri amagwidwa pomwepo. Ovuta amabisala mu Name Manager, m'matchati, ndi m'masamba obisidwa, kumene akalaliki ambiri sasuzumirako n'komwe.

Mukawapeza, musathamangire Break Link. Lamulo limeneli limasandutsa fomula kukhala nambala wamba, ndipo Undo sangaibwezenso. Yambani mwasunga kope lina la fayiloyo.