Kusankha Tsiku Loyamba Ulendo Wautali wa Pansi pa Phiri la Mulanje

Mlangizi aliyense amadziwa kuti tsiku lodzala chimanga silisankhidwa poyang'ana mtambo wa tsiku limodzi. Amayamba wawerenga masiku amene mbewuyo imatenga kuti ikhwime, nkuona ngati masikuwo akukwanira mvula isanathe. Lamulo lomweli limagwira ntchito pa ulendo wautali wa pansi. Tsiku lonyamuka limapezeka powerenga chobwerera kuchokera pa tsiku lotsika, chifukwa nyengo yoipa ikampeza munthu pakati pa ulendo, kumudzi kumakhala kutali kumbuyo ndi kutsogolo komwe.

Phiri la Mulanje, kummwera kwa Malaŵi pafupi ndi malire a Mozambique, ndi chitsanzo chabwino. Ulendo wochokera ku Likhubula mpaka ku Fort Lister, kugona m'nyumba za paphiri monga Chambe, Thuchila ndi Sombani, umatenga masiku anayi kapena asanu. Amauyenda ndi alendo, ogwira ntchito za nkhalango ndiponso ofufuza za mtengo wa mkungudza. Onsewa ayenera kudziwa nyengo zitatu zoopsa.

Yoyamba ndi dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Phirili ndi la matanthwe, ndipo thanthwe silimwa madzi. Mvula ikagwa kumtunda, timitsinje timene munthu anadumpha mmawa timasefukira pofika masana, ndipo njira za pathanthwe zimaterera. Miyezi yomweyi ndiyo ya anamondwe ochokera ku nyanja ya Indian Ocean. M'mwezi wa Malichi 1991 napolo wochokera ku phiri la Michesi anapha anthu mazanamazana ku Phalombe. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumulanso mapiri ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre. Izi zikusonyeza kuti kumapeto kwa dzinja sikuchepa ngozi, pakuti nthaka imakhala itakhuta kale madzi.

Yachiwiri ndi nyengo yachisanu, makamaka Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chimabwera kawirikawiri. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Mphepo ya mwera imatenga chinyezi kunyanja, ndipo ikafika paphiri imakwera, nkuzizira, nkusanduka nkhungu ndi mvula ya mawawa imene imatha masiku angapo osaleka. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse okwera. Chidikha cha pamwamba chili pa mamita pafupifupi 2,000, pamene nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Motero tsiku limene kumunsi anthu angofunda nsalu, pamwamba munthu wonyowa angathe kufa ndi chisanu. M'mwezi wa Julayi 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasochera potsika ku Sapitwa, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata oposa awiri.

Yachitatu ndi chilimwe cha Okotobala. Dzuwa limawotcha pa zitunda zokwerera, timitsinje tina timaphwa, ndipo moto wolusa umathamanga m'udzu wouma. Kumapeto kwa mweziwu mabingu ndi mphenzi zimayamba, makamaka masana, ndipo pathanthwe loyera palibe pobisala.

Pakati pa nyengo zitatuzi pali mipata iwiri. Woyamba ndi mwezi wa Meyi, madzi ataphwera m'mitsinje koma chisanu chisanakule. Wachiwiri ndi kuyambira pakati pa Ogasiti mpaka kumapeto kwa Sepitembala. Mipatayi ili ndi mapeto osiyana. Wochedwa mu Meyi amakumana ndi chiperoni, pamene wochedwa mu Sepitembala amakumana ndi kutentha ndi moto.

Kawerengedwe kake nkosavuta. Pa masiku oyenda pawonjezedwe tsiku limodzi kapena awiri odikira m'nyumba ya paphiri ngati kwagwa nkhungu, ndipo chakudya chikwanire masiku onsewo. Ulendo wa masiku 5 uwerengedwe ngati wa masiku 7. Ngati cholinga ndi kutsika pofika pa 30 Sepitembala, gulu linyamuke pasanapitirire pa 24. Mbali yovuta kwambiri, monga kukwera Sapitwa kuchokera ku nyumba ya Chisepo, iikidwe chakumayambiriro, pakuti ulosi wa nyengo umakhala wodalirika pa masiku ochepa oyamba okha. Gulu limvere ulosi wa Nthambi yoona za Nyengo lisananyamuke, litengenso wotsogolera njira wa m'deralo, amene amazindikira mwera ukayamba kusintha. Tsiku lililonse kuyenda kuyambe mbandakucha, popeza mitambo imasonkhana paphiri dzuwa likakwera.

Miyezi yabwino imasiyana malinga ndi dera, koma njira yowerengera ndi imodzi. Ku Namibia ulendo wa m'chigwa cha Fish River Canyon, wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Hobas kukafika ku Ai-Ais, umaloledwa kuyambira Meyi mpaka pakati pa Sepitembala pokha, chifukwa m'miyezi ina muli kutentha koopsa ndi madzi osefukira mwadzidzidzi. Kumeneko Juni ndi Julayi ndi miyezi yabwino, pamene ku Mulanje ndi miyezi yofunika kusamala. Choncho kalendala ya dera lina isatengedwe mwachimbulimbuli kukagwiritsidwa ntchito kwina.

Chotsiriza ndi kulimba mtima kosintha tsiku. Galimoto ikhoza kukhala italipiridwa ndipo katundu atamangidwa, koma ngati mwera waomba ndipo nsonga zaphimbika, gulu lidikire kumunsi. Kutaya masiku awiri ku Likhubula nkwabwino kusiyana ndi kutsekeredwa ndi mtsinje pakati pa phiri chakudya chitatha.