Lole Yakufa Ili ndi Chuma: Mmene Mungayambire Bizinesi ya Masipeya a Kaunjika

Amayi, mukamadutsa kwa Biwi ku Lilongwe, ku Ndirande, ku Limbe kapena ku Luwinga ku Mzuzu, mumaona malole atagona kuseri kwa magalaja, matayala ataphwa, udzu utamera mpaka m'mphepete mwa zitseko. Ambiri timangoti ndi zitsulo zakutha. Koma lole sifa thupi lonse nthawi imodzi. Imene inagubuduzika imakhala kuti yaphwanyika kumutu, injini ili bwinobwino. Imene inafa injini imakhala ndi giyabokosi, difu ndi masipuling'i zoti zingagwirebe ntchito zaka zambiri. Kugula lole yotereyi, kuiphwasula ndi kugulitsa ziwalo zake chimodzichimodzi ndi bizinesi imene gulu lanu lingathe kuchita, ngakhale palibe mmodzi wa inu amene anagwirapo sipanala.

Msika wake ulipo chifukwa masipeya atsopano a malole amachokera kunja, kudzera m'madoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban. Amafuna ndalama zakunja, ndipo amachedwa kufika. Mwini lole yotuta chimanga, fodya, mchenga kapena njerwa amaluza tsiku lililonse limene galimoto yake yaima. Munthu wotere akapeza chitsulo chimene akufuna lero lomwe, pamtengo wotsikirapo, amagula.

Sankhani mtundu umodzi

Musayambe ndi mathiraki akuluakulu monga Scania, Volvo kapena Howo. Amafuna mpamba waukulu, malo aakulu ndi makina onyamulira. Yambani ndi malole a dizilo a matani awiri kapena atatu amene adzaza m'misewu yathu: Mitsubishi Canter, Toyota Dyna kapena Isuzu Elf. Tumani anthu awiri a m'gulu akayende m'magalaja a m'dera lanu kwa milungu iwiri, akufunsa amakaniko mafunso awiri okha: ndi malole ati amene amabwera kawirikawiri, ndipo ndi chitsulo chiti chimene chimasowa? Mayankho awo ndiwo akuuzeni choti mugule.

Dziwaninso kuti dzina la lole palokha silikwanira. Injini iliyonse ili ndi nambala ya mtundu wake. Pa Canter pali 4D33, 4D34 ndi 4M51. Pa Dyna pali 14B ndi 15B. Pa Isuzu pali 4HF1 ndi 4HG1. Masipeya a injini zimenezi nthawi zambiri salowana. Magetsinso amasiyana: malole ambiri amayendera mavoti 24, ena 12, ndipo sitata ya mtundu wina singagwire pa unzake. Wogula akabwera, funso loyamba likhale lakuti, "Injini yanu ndi nambala yanji?"

Mapepala patsogolo, ndalama pambuyo

Malole akufa amapezeka kwa eni ake amene alephera kuwakonza, kumakampani a inshulansi amene amagulitsa galimoto zochita ngozi, ndi pa okushoni pamene makampani ndi mabungwe akutaya galimoto zakale. Kulikonse kumene mungagule, apa ndi pamene muyenera kusamala kwambiri, chifukwa kulandira katundu wakuba ndi mlandu, ndipo mawu oti "sindinadziwe" sakubwezerani ndalama apolisi akadzatenga katunduyo.

Onani blue book. Dzina limene lili m'menemo lifanane ndi la pa chitupa cha unzika cha wogulitsayo. Nambala ya chesisi ndi ya injini zimene zalembedwa zifanane ndi zimene zinadindidwa pa chitsulo penipeni. Mukaona kuti zapalidwa kapena kuwotchereredwa, tembenukani muzipita. Funsani ngati loleyo inaikidwa chikole cha ngongole kubanki. Ngati mwini wake anamwalira, musapangane ndi wachibale mmodzi yekha, chifukwa chuma chamasiye chimayambanitsa. Lemberanani kalata yogulitsirana pamaso pa mboni, ndipo pitani ku ofesi ya Road Traffic mukafunse zoyenera kuchita ndi galimoto imene sidzayendanso. Bizinesiyo ilembetseni kuboma, mutenge nambala ya msonkho ku MRA ndi layisensi ku khonsolo.

Mnyamata wobwera madzulo ndi sitata kapena batire m'thumba, akufuna ndalama yachangu, musamugule kanthu.

Phindu limapangika pogula

Musanatchule mtengo, tengani makaniko wanu wodalirika, osati wa wogulitsayo, ndipo mumulipire tsiku lake. Ayese ngati injini ikuzungulira, aone ngati oyilo wasanduka woyera ngati mkaka, chimene chimasonyeza kuti walowa madzi, ayang'ane ming'alu, alowetse magiya onse. Awerengenso zimene zinachotsedwa kale, pakuti lole yokhalitsa pagalaja imabedwa pang'onopang'ono.

Kenako khalani pansi ndi kope. Lembani ziwalo zikuluzikulu: injini, giyabokosi, difu, pampu ya dizilo, sitata ndi alternator, pambali pake mtengo wotsikitsitsa umene zingagulidwe. Ndalama ya zimenezi yokha ikwanire kubweza mtengo wa lole, kuikoka, kulipira ophwasula ndi lendi ya malo. Zitseko, magalasi, nyali, mathanki, marimu ndi zitsulo zogulitsa pa sikelo ndizo zikhale phindu lanu. Masamu akakana, isiyeni, ina ibwera.

Kumbukiraninso kuti si tomato uyu. Sitata itha kutuluka sabata yoyamba, difu n'kukhala miyezi isanu ndi umodzi. Choncho musatenge katapila, ndipo musathire ndalama zonse za banki mkhonde imene anthu akuyembekeza kugawana mu Disembala. Gwirizanani za thumba lapadera, ndipo zolowa ndi zotuluka zizilembedwa ndi anthu awiri.

Kuphwasula ndi kusunga

Chiwalo chilichonse chikachotsedwa, chitsukidwe, chilembedwe ndi penti mtundu wa lole ndi nambala ya injini, ndipo chilowe m'kope. Chijambuleni pafoni, chifukwa amakaniko ambiri masiku ano amafunsa katundu pa WhatsApp. Injini ndi giyabokosi zikhale pamatabwa, pansi pa denga, mabowo ake atatsekedwa kuti madzi ndi fumbi zisalowe. Pampu ndi manozo zisungidwe m'chipinda chokiya.

Thanzi la banja ndi la oyandikana nawo

Lole yakufa imakhala ndi poizoni. Oyilo wakuda asatayidwe pansi kapena m'ngalande, chifukwa amalowa m'nthaka n'kuipitsa zitsime. Musungeni m'migolo yotseka. Asapakidwe pachilonda cha munthu kapena cha chiweto. Madzi a mtundu a m'radiator amatsekemera koma amawononga impso, ndipo angaphe mwana kapena galu. Batire ili ndi asidi ndi mtovu, ndipo mtovu umawononga ubongo wa ana ndi wa khanda limene lili m'mimba. Musaswe mabatire pakhomo, agulitseni athunthu. Fumbi la mabuleki akale litha kukhala ndi asbestos, amene amadwalitsa mapapo, choncho lipukutidwe ndi nsanza yonyowa, osati kuuzira. Matayala asungidwe posafika mvula kuti udzudzu usaswanemo, ndipo musawawotche.

Ophwasula avale magolovesi ndi nsapato zolimba, ndipo wochekedwa ndi chitsulo apite kuchipatala chifukwa cha kafumbata. Munthu asalowe pansi pa lole imene yangokhala pa jeki. Thanki ya mafuta isadulidwe ndi moto, ngakhale ikuoneka youma, chifukwa imaphulika. Malowo akhale ndi mpanda, kutali ndi chitsime, ndipo ana asasewerepo.

Dzina labwino ndiye mpamba weniweni

Uzani wogula zoona za chitsulo chilichonse. Mupatseni lisiti ndi masiku ochepa oti akayese, chikakanika abweze. Penti yanu ija ndiyo idzakutsimikizirani kuti chabwera ndi chanu chomwe. Koma zitsulo za mabuleki ndi za chiwongolero zimene zaperepeseka, zapindika kapena zili ndi mng'alu, zipite ku sikelo basi, ngakhale wina akakamire kuzigula. Malole omwewa ndi amene amatinyamula popita kumaliro, kuukwati ndi kumisonkhano ya amayi, ndipo pa chitunda cha Linthipe kapena cha Chiweta mabuleki akakana sasankha wokwera.

Pa msonkhano wanu wotsatira, sankhani amayi awiri oti akayende m'magalaja ndi kope. Akabwera ndi mayina a malole ndi zitsulo zimene zikusowa, ndiye muyambe kukamba za ndalama.