Maziko a kireni yozungulira pa dothi la Kafue

Ku Kafue, tauni ya mafakitale ngati Nitrogen Chemicals of Zambia, munthu wofuna kuimika kireni ya mlongoti wozungulira ndimamuuza kuti ayambe wayang'ana pansi. Katundu wa matani 2 akalendewera mamita 5 kuchokera pamlongoti, amapendeketsa maziko mofanana ndi matani 10 pa mita imodzi. Popeza mkono wa kireniyo umazungulira, mbali imene yapanikizika panopa ndiyo ifuna kunyamuka mkono ukatembenuka. Choncho konkire ikhale yolemera, yotakata mofanana mbali zonse, mabawuti ozikika mwakuya.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi makande a kufupi ndi mtsinje wa Kafue. Amafufuma ndi mvula, n'kung'aluka m'chilimwe. Injiniya ayambe wayeza dothilo musanathire simenti.